Tsiku lonse pantchito, lita imodzi ya petulo osakwana: ulendo wa kuntchito ukudya malipiro ku Mzuzu

Tengani K126,000, malipiro ochepetsetsa a pamwezi omwe boma linakhazikitsa mu Juni 2025, muwagawe m'masiku 26 ogwira ntchito. Mupeza K4,846 patsiku. Ndiye mukumbukire kuti mu Januwale 2026 bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA linakweza petulo kufika pa K4,965 lita imodzi, dizilo K4,945. Apa ndiye kuti mnyamata wonyamula matumba a simenti m'shopu ya mtauni, atalowa ntchito m'mamawa nkuweruka dzuwa litapendeka, thukuta lake lonse la tsikulo linali losakwana lita imodzi ya petulo. Ankaperewera K119.

Wina afunsa kuti, nanga mnyamatayo ali ndi galimoto yoti azidandaula za petulo? Alibe, ndipo mwina sadzakhala nayo. Koma mafuta amagula ndithu, tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, kudzera m'dzanja la kondakitala, la dalaivala wa Sienta kapena la mnyamata wa njinga yamoto. Amagulanso kudzera pa tomato wa ku Jenda, usipa wa ku Nkhata Bay ndi sopo wochokera ku Blantyre, poti zonsezi sizifika pamsika zikuyenda zokha. Kusiyana kwake nkwakuti sopo ukhoza kumudula pakati, ndiwo ukhoza kuchepetsa, koma kuntchito sungafike theka. Ufike kapena ujombe.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taona mmene mzinda wathu unakhalira. Mzuzu inayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung'i m'zaka za m'ma 1940, inakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu oposa 220,000. Ntchito zambiri zili m'malo ochepa: mtauni momwe muli mashopu, mabanki ndi misika, ku Luwinga komwe kuli mafakitale, Mzuzu University ndi chipatala chachikulu, komanso m'nyumba za mipanda za ku Chimaliro, Kaning'ina ndi Katoto, komwe kumafunika alonda, ophika, ochapa ndi osamalira maluwa. Ogwira ntchitozi sakhala kumeneko ayi. Amadzukira ku Mchengautuba, Zolozolo, Chibavi, Chiputula, Masasa, Ching'ambo, ena mpaka ku Ekwendeni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Lamulo la lendi ndi losavuta kulimva: ukamatalikira tauni nyumba imatsika mtengo. Choncho munthu wolandira zochepa amakankhidwira kunja kwa mzinda ndi alandilodi, kenako zomwe wapulumutsa pa lendi amakazisiya pa siteji. Ndipo poti pafupifupi galimoto zonse zimathera mtauni, amene nyumba yake ili mbali ina ya mzinda, ntchito mbali ina, amalipira kawiri popita, kawiri pobwerera.

Tiyeni tingoyerekeza, poti mitengo imasiyana ndi njira, nthawi ndi mmene munthu amadziwira kunenerera. Tinene kuti ulendo umodzi ndi K1,000. Kupita ndi kubwera K2,000, masiku 26 ndi K52,000. Pa K126,000 paja, ndalama yoposa K40 pa K100 iliyonse yapita munthu asanagule ufa. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, amene malipiro ake ochepetsetsa anaikidwa pa K72,800 m'chaka chomwecho cha 2025, atsala ndi K20,800 ya lendi, chakudya, makala ndi sukulu ya ana. Ulendowo ukakhala K1,500, mwezi wonse ndi K78,000, kutanthauza kuti mayiyu akuyenera kukabwereka ndalama kuti akwanitse kukachapira anthu ena zovala. Palibe amene amachita masamu oterewa nkupitiriza kukwera. Nchifukwa chake mukaima m'mbali mwa msewu cha m'ma 5 koloko m'mawa, m'mwezi wa Juni nkhungu itakuta mzinda wonse, mumaona mdipiti wa anthu, manja m'matumba, zitenje pamutu, akulowera mtauni wapansi.

Nanga mafutawo amakwereranji chonchi? Yankho loyamba aliyense amalidziwa: Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibenso doko. Dontho lililonse la dizilo limagulidwa kunja ndi madola, limatsitsidwa m'sitima ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako limayenda mtunda wautali pa mathankala kapena pa njanji. Petulo amasakanizidwa ndi ethanol wathu wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma gawo lalikulu ndi lakunja ndithu. Oitanitsa akuluakulu ndi awiri, kampani ya boma ya NOCMA ndi Petroleum Importers Limited, yomwe ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa mafuta. Ife a kumpoto timawaona mathankala ochokera ku Dar es Salaam akulowera pa Songwe, kudutsa Karonga, nkumakwera mapiri a Chiweta mwapang'onopang'ono ngati nkhono. Ku Sonda kuno kulinso nkhokwe za mafuta za NOCMA. Munthu angaganize kuti poti ndife oyamba kulandira thankala yochokera ku Tanzania, mafuta kuno azikhala otsikirako. Ayi, mtengo wa pampu MERA imaika umodzi dziko lonse, ku Chitipa ndi ku Nsanje chimodzimodzi.

Mkati mwa mtengo wa lita imodzi muli zinthu zingapo zosanjikizana. Pansi penipeni pali mtengo wogulira kunja, kuphatikizapo sitima, inshuwalansi ndi thiransipoti yofikitsa mafutawo m'dziko muno. Pamwamba pake pali misonkho ndi ndalama zina zomwe boma limatolera pa lita iliyonse: yokonzera misewu, yopititsa magetsi kumidzi, yosungira mafuta m'nkhokwe, ndi ya thumba lomwe cholinga chake ndi kuteteza mtengo kuti usamangodumphadumpha. Pomaliza pali phindu la oitanitsa ndi la eni malo omwetsera mafuta. Kuyambira mu 2012 dziko lino linavomera ndondomeko yakuti mtengo wofikitsira mafuta m'dziko ukasintha ndi 5 peresenti, kukwera kapena kutsika, mtengo wa pampu nawo uzisintha. Papepala ndi zomveka bwino. Vuto ndi lakuti mtengo wa mafuta ndi ndale, ndipo palibe boma lomwe limakonda kuukweza chisankho chili pafupi.

Chinthu chachiwiri ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi nkufika pa K1,700. Mafuta akanakhala kuti sanasinthe mtengo ngakhale pang'ono pamsika wa dziko lapansi, kuno akanakwerabe, poti dola yogulira yakwera. Taonani mmene petulo anayendera: K1,150 mu Okutobala 2021, K1,999 mu Juni 2022 nkhondo ya ku Ukraine itasokoneza misika, kutsika pang'ono kufika K1,746, kenako K2,530 mu Novembala 2023.

Pa K2,530 pamenepo mtengo unaima pafupifupi zaka ziwiri, ndipo apa mpofunika kuchedwapo, chifukwa anthu ambiri amaona ngati imeneyo inali nthawi ya mpumulo. Siinali. Oitanitsa mafuta ankagula modula nkumagulitsa motchipa, thumba lowabwezera linauma, ndalama za misewu zinasiya kufika komwe zimayenera kufika, ndipo madola m'mabanki ankasowa pomwe pamsika wa mseri ankagulidwa kuposa kawiri mtengo wovomerezeka. Zotsatira zake tinaziona tonse kumapeto kwa 2024 ndi m'chaka cha 2025: mizere ya galimoto yozungulira mashopu, madalaivala akugona pa malo omwetsera mafuta, ndi anyamata a zigubu akugulitsa m'mabotolo pamtengo wodziikira okha. Mtengo wa K2,530 unali wa pachikwangwani. Dalaivala amene wataya tsiku lathunthu pamzere, kapena wagula kwa a zigubu, ankabweza zonsezo pa wokwera. Ndiye kuti wogwira ntchito ya malipiro ochepa ankalipira kale mtengo wokwera, kwinaku akuuzidwa kuti mafuta sanakwere. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitangodutsa, pa 1 Okutobala petulo anapita pa K3,499, ndipo pasanathe miyezi inayi anafika pa K4,965. Kuchoka pa K2,530 kufika pamenepo ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Amene ankati bola akwere koma azipezeka ananena zoona, kungoti walira mvula walira matope, ndipo matopewo akuponda ndi woyenda wapansi.

Mzinda uno nkhani ya mafuta sumaitenga mwachibwana. Pa 20 Julayi 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali pakati pa zomwe zinatulutsa anthu m'misewu. Anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko lonse, ndipo Mzuzu ndiyo inataya ambiri kuposa mizinda ina. Ena mwa iwo anaikidwa ku manda a Zolozolo, komwe lero anthu amadutsa mbandakucha akupita kuntchito.

Tsopano tibwere pa siteji, pomwe mtengo wa pampu umasanduka mtengo wa ulendo. MERA imalengeza usiku, ndipo pofika m'mawa kondakitala wakweza kale. Ukafunsa amangoti, “Mafuta akwera, adada, simunamve?” Palibe bungwe la boma lomwe limaika mtengo wa minibasi kapena takisi mtauni monga zimakhalira ndi mafuta. Eni galimoto ali ndi bungwe lawo la MOAM, okwera ali ndi PAWA yowalankhulira, koma kwenikweni mtengo umapangidwa pa siteji pomwepo, potengera kuchuluka kwa anthu, mvula ndi nthawi. Ndipo sukwera motsatira maperesenti ayi. Umakwera motsatira chenje chomwe chili chosavuta kubweza, K200 kapena K500 nthawi imodzi. Mafuta atatsika mu 2022 kuchoka pa K1,999, ine sindikumbuka kuti ndinamvapo woitanira aliyense akukuwa kuti lero tatsitsa.

Komabe dalaivala si mfiti ya nkhaniyi. Galimoto zambiri si za amene akuziyendetsa. Mwini wake amaika tageti, ndalama yoti ifike madzulo kaya kunali anthu kaya kunalibe. Pa zomwe watolera tsikulo dalaivala athirepo mafuta, apatse kondakitala, apatse oitanira, awonjezepo zina za pamsewu zomwe tonse timazidziwa, ndiye zotsalazo ndi zomwe apite nazo kwa mkazi ndi ana. Matayala, oilo ndi zipangizo zina ndi zakunja, ndipo wogulitsa amaika mtengo potengera dola yomwe iye anaipeza, osati ya ku banki. Akakweza mtengo okwera amachepa, okwera akachepa amadikira nthawi yaitali kuti galimoto idzaze, kapena amapanikiza anthu mpaka wina kukhala pampando umodzi ndi dalaivala. Amene akukangana pa K200 pakhomo pa Sienta onse awiri ndi anthu osauka, ndipo madzulo akakumana pamzere umodzi wogula ufa wa m'timapepala.

Mzuzu ili ndi mwayi umodzi womwe umaichepetsera ululu: njinga zakapalasa, zomwe kuno timazitcha Sacramento. Njinga simwa petulo, choncho munthu angayembekeze kuti mtengo wake usagwedezeke. Koma wopalasayo mafuta ake ndi nsima, ndipo ufa ukakwera iye sangapalase ndi njala. Tcheni, matayala ndi masipoko nazo ndi zakunja. Kuwonjezera apo, anyamata ambiri osowa ntchito alowa ukabaza, moti pa siteji imodzi pamakhala njinga zochuluka kuposa okwera, ndipo amene amavomera mtengo wotsikitsitsa ndi amene wapanikizika kwambiri tsikulo. Wokwera amapulumutsa kandalama, inde, koma wapulumutsa pa msana wa mnzake amene akukwera naye chitunda thukuta lili kamukamu. Khonsolo ya mzinda nayo yakhala ikukokana ndi a kabaza pa nkhani yowachotsa pakati pa tauni. Zifukwa za ngozi ndi kuthithikana nzomveka, koma ine ndimadabwa kuti mzinda womwe anthu ake ambiri amayenda pa njinga ndi wapansi umakonzabe misewu ngati kuti aliyense ali ndi galimoto. Njinga zamoto ndi zachangu ndipo zimakufikitsa pakhomo ngakhale kumene msewu unakumbika ndi mvula, koma zimamwa petulo yemweyo, ndipo zikagwa ndi mwendo wako umene umathyoka.

Mafuta amakwera usiku umodzi, ulendo umakwera m'mawa wake. Nanga malipiro? Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa nduna ya zantchito mphamvu yoika malipiro ochepetsetsa itakambirana ndi oimira ogwira ntchito ndi oimira olemba ntchito, omwe ndi MCTU ndi ECAM. Mulibemo ndondomeko ya 5 peresenti ngati ya mafuta ija. Zimadalira misonkhano, kukokana ndi chifuniro cha boma. K50,000 yomwe inayamba mu Januwale 2021 inakhala osasuntha mpaka Febuluwale 2024, pomwe inapita pa K90,000. M'zaka zitatu zimenezo kwacha inachepetsedwa mphamvu kawiri ndipo petulo anakwera kuposa kawiri. Itafika K126,000 mu Juni 2025, malipiro a tsiku limodzi ankagula pafupifupi malita awiri pamtengo wa pachikwangwani. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri anali osakwananso lita imodzi. Amenewa ndi malipiro a palamulo. Alipo ambiri m'mashopu, m'malesitilanti, m'nyumba ndi m'timakampani ta alonda amene sawafika nkomwe, ndipo sadandaula poti akudziwa kuti pageti pali anthu khumi ofuna malo awo. Bungwe la Centre for Social Concern limawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zomwe banja la mtauni limafunika kuti lipeze zofunika zenizeni, Mzuzu ili m'gulu la mizinda yomwe amawerengera, ndipo chiwerengero chawo chimaposa malipiro ochepetsetsa kangapo konse.

Pali chinthu china chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Munthu wa K126,000 sadulidwa msonkho wa pamalipiro, poti mu 2024 ndalama yoyamba yosadulidwa msonkho inali itafika kale K150,000. Andale amakonda kunena zimenezi ngati umboni woti osauka anawaganizira. Koma ndalama ya misewu, ya magetsi a kumidzi ndi zina zonse zija zili m'lita ya petulo, ndipo lita imeneyo amalipira ndi wokwera. Mayi wa ku Masasa akakwera takisi amasonkha nawo ndalama yokonzera misewu, pomwe njira yopita kwawo nthawi ya dzinja imakhala yoti nsapato uzinyamula m'manja.

Lamulo silikakamiza bwana kupereka ndalama ya mayendedwe. Boma lenileni linavomereza kuti vutoli lilipo pomwe mu 2023 linayamba kupatsa ogwira ntchito m'boma alawansi ya thiransipoti pamwamba pa malipiro. Makampani ena akuluakulu ali ndi basi kapena lole yotenga antchito awo. Koma wogulitsa m'shopu, wophika ndi mlonda, omwe ndi amene akufunikira thandizoli koposa, ndi amene alibe. Olemba ntchito ang'onoang'ono nawo ali ndi mfundo: katundu akuwafika modula, ogula achepa, ndipo akakakamizidwa kukweza malipiro achotsa munthu mmodzi mwa atatu. Ndikuwamva. Koma pali mabanja ena omwe amathira mafuta a K100,000 m'galimoto osaphethira, nkumadula malipiro a wantchito chifukwa wafika mochedwa ndi theka la ola atayenda wapansi mumvula kuchokera ku Mchengautuba. Pamenepo vuto si dola.

Ndiye anthu akupulumuka bwanji? Ambiri agawa ulendo: m'mawa kukwera kuti asachedwe, madzulo wapansi. Ena amakwera sabata yoyamba malipiro akangotuluka, masabata atatu otsalawo phazi. Ena asiya nkhomaliro kuti ndalama ya chiwaya ikhale ya ulendo, ndipo amagwira ntchito ya manja tsiku lonse ndi tiyi wa m'mawa yekha. Alonda ena amangogona komweko masiku angapo, kunyumba nkumapita kamodzi pasabata. Atsikana ogwira ntchito m'nyumba amavomera kugonera kwa abwana, zomwe zimathetsa vuto la thiransipoti koma nkubweretsa lina, poti wogonera saweruka: mwana akalira 11 koloko usiku amadzutsidwa ndi iye. Pakati pa mwezi pamabwera advansi, advansi ikatha banki mkhonde, imeneyo ikakanika katapila, ndipo malipiro a mwezi wotsatira amafika ali kale ndi eni ake.

Kwa amayi mtengo wa kuyenda wapansi ndi wokwera kuposa wa abambo. Woweruka 8 koloko usiku m'lesitilanti kapena pa malo omwetsera mafuta sangadutse yekha m'njira za mdima zodutsa m'madambo, choncho amakakamizika kukwera njinga yamoto pa nthawi yomwe mtengo wake uli pamwamba. Akafika kunyumba moto sunakolezedwe, ana sanasambe. Maola awiri kapena atatu omwe amathera panjira tsiku lililonse salembedwa pa pepala la malipiro la wina aliyense, koma ndi maola a ntchito ndithu, poti sakanayenda ulendowo pakanapanda ntchitoyo.

Ndipo ena amafika pongosiya. Amawerengera nkuona kuti kugulitsa mandasi pakhomo kapena kugwira maganyu m'dera lomwelo kukuwasiyira ndalama yofanana ndi yomwe imatsala akachotsa thiransipoti, popanda kutukwanidwa ndi bwana. Abwanawo amadandaula kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, sakhalitsa pantchito. Si ulesi, ndi masamu.

Maganizo anga ndi akuti kubwezera mtengo wa mafuta pansi mokakamiza sikungathandize, poti tinayesa kale ndipo tinathera pa zigubu. Bola kukonza mbali inayo. Ngati mtengo wa pampu uli ndi ndondomeko yousuntha zinthu zikasintha, malipiro ochepetsetsa nawo akhale ndi nthawi yodziwika yowaunikira chaka chilichonse, osadikira kuti mabungwe a antchito ayambe aopseza. Ndalama ya mayendedwe izikambidwa payokha polemba munthu ntchito, ngakhale wa m'nyumba, kuti mafuta akakwera pakhale poyambira kukambirana. Kuchokera pomwe kampani ya mabasi ya Shire Bus Lines inatha m'zaka za m'ma 2000, kunyamula anthu m'mizinda tinakusiya m'manja mwa timagalimoto tonyamula anthu ochepa, tomwe pamutu pa munthu mmodzi timamwa mafuta ambiri kuposa basi yaikulu. Mzuzu ndi mzinda waung'ono moti mabasi ochepa oyenda pa nthawi yake m'mawa ndi madzulo, kuchokera kumadera kudutsa mtauni mpaka ku Luwinga osatsitsa anthu pakati, akhoza kuchotsa ulendo wachiwiri uja womwe ukupweteka anthu.

Chapafupi kwambiri ndi njinga ya munthu mwini. Amene ali nayo vuto lonseli limamudutsa pambali, kupatula chitunda ndi mvula. Koma njinga yolimba imadya malipiro a mwezi wathunthu kapena kuposa, ndipo munthu amene ndalama yake imatha pa 10 sangaisunge. Bwana amene angagulire mlonda wake njinga nkumadula pang'onopang'ono miyezi khumi angakhale atamukwezera malipiro osawonjeza tambala. Ochepa amachita zimenezi.

Otsalawo akuyenda, ndipo nsapato zikutha. Amayi ambiri amanyamula za kuntchito m'jumbo, nkuvala zofewa zapulasitiki panjira, kukasintha akafika pageti. Zikang'ambika amapita nazo kwa wosoka pansi pa mtengo, kawiri, katatu, mpaka posowa pobaya singano. Akatero amalowera ku kaunjika kukafuna zina, ndipo amapeza kuti nazonso zakwera, chifukwa belo la nsapatozo linagulidwa ndi madola, linatsikira padoko, ndipo linafika ku Mzuzu pa lole yoyendera dizilo.